Miyezi itatu yakwananso

Lamlungu, 12 Okutobala, Nkhotakota

Chikwama ndalongedza kale. Chatsala ndi tulo, ndipo ndikudziwa kuti sitibwera. Usiku uliwonse woti m'mawa mwake ndikwera minibasi ya ku Lilongwe umakhala chonchi. Abambo akunyumba akuliza mkonono ngati mtima uli m'malo, koma madzulo ano ndawaona akupopa njinga kawiri konse, chonsecho matayala ali gwa.

Ndine mphunzitsi wa Sitandade 4, zaka 46. Mu Malichi chaka chatha anandichotsa bere lakumanja chifukwa cha khansa, pamodzi ndi anabere a m'khwapa. Bala litapola ndinayamba kemo, mankhwala a khansa a m'dilipi, maulendo 8, pakatha masiku 21 aliwonse. Maulendo anayi oyamba munali mankhwala ofiira aja, doxorubicin, amene amafiiritsa ndi mkodzo womwe, tsitsi n'kuyoyoka lonse mwezi usanathe. Anayi otsiriza anali a paclitaxel, amene anandisiyira dzanzi kunsonga za zala. Mwezi uno ndakwanitsa chaka chichokereni pa dilipi yomaliza, ndipo ulendo wa mawawu ndi rivyu yachinayi, kukapimidwanso ngati khansa sinabwerere.

Potuluka m'tchalitchi lero mayi wina wandigwira dzanja. "Aphunzitsi, ndamva mukupitanso ku Lilongwe? Si munachira inu? Taonani tsitsi!" Tsitsi labwereradi, lofewa ngati la khanda, ndi imvi zimene kale ndinalibe. Kuno tsitsi ndiye satifiketi. Mutu uli mpala anthu ankandilonjera ndi mawu apansipansi ngati pamaliro. Lamera, akuti ndachira, ndipo alipo amene akuganiza kuti ku Lilongwe ndimakangodyako ndalama za abambo. Ndangoseka, ndati ndikukaonetsa nkhope kwa adokotala angandiiwale.

M'chikwamamo muli mabuku awiri a kuchipatala osokerera pamodzi, chifukwa loyamba linadzaza kemo isanathe, botolo la tamoxifen, mankhwala othandiza kuti khansa isabwerere, lotsala ndi mapilitsi 6, zitenje ziwiri ndi juzi ya m'mamawa. Pambali pali kathumba ka mpunga wa faya ndi usipa wouma wa alamu. Kumudzi kwa eni sufika manja lende, makamaka ukamafikako kanayi pachaka.

Bere lansalu ndalikonzanso. Ndinasoka ndekha, thonje m'kati, ndi mpunga wodzaza dzanja limodzi kuti lizilemera, chifukwa la thonje lokhalokha limakwera m'mwamba ukangokweza mkono, n'kupezeka lili pafupi ndi khosi ana akuyang'ana. Sabata yatha ndinalimasula, ndinapeza anankafumbwe atamangamo mudzi. Ndinaseka mpaka misozi. Mpunga wa leroli ndaukazinga kaye.

Chimene sindinauze munthu ndi ichi: pa chipsera, chakufupi ndi kukhwapa, pali kachotupa ngati njere ya nandolo. Ndinakamva masabata atatu apitawo ndikusamba. Abambo sindinawauze. Foni yawo ndi ya mabatani, izi sawerenga, ndipo inu amene mumawadziwa, pakamwa potseka mpaka ndibwere.

Lolemba, 13 Okutobala, Nkhotakota mpaka Area 25

Abambo anditula pa siteji kusanache. Nkhondo yoyamba ya ulendo uliwonse ndi mpando. Ndimafuna wa kuwindo, mbali ya dalaivala, kuti mkono wakumanja ukhale kukhoma, wina asaugonere kapena kuusanjikira katundu. Chichotsereni anabere, madzi a m'thupi sayenda bwino mu mkono umenewu. Ukapanikizika nthawi yaitali umalemera ngati mtanda wa nkhuni yaiwisi, ndipo kabala kakang'ono, ngakhale ka munga wa nsomba, kakhoza kuutupitsa ndi kuutenthetsa mpaka kukagona m'chipatala. Kondakitala walero samafuna kumva. "Mayi, mipando yonse ndi imodzi." Ndamuuza kuti ndine wa opaleshoni. Wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, waona mayi wonenepa bwino, tsitsi lili mbuu, wapukusa mutu. Wandithandiza ndi agogo ena aamuna amene anali atakhala kale pamalopo, anyamuka okha osalankhula kanthu.

Pa mlatho wa Chia anyamata athamangira minibasi ndi chambo chili pa zingwe, china chikuphiriphitha. Chaka chatha pamalo pomwepa ndinkatseka mphuno ndi chitenje, fungo la nsomba likandipeza ndiye kusanza mpaka Benga. Ine mwana wa kunyanja, woleredwa ndi kondowole ndi nsomba, ndinatha miyezi isanu ndi umodzi ndikudya phala ndi mandimu. Lero ndatsitsa windo dala, ndakoka mpweya, m'kamwa mwadzaza malovu. Chimene sichinabwerere ndi zakumwa zofiira. Ndikangoona botolo lofiira m'manja mwa mwana, nseru ija imadzuka ngati sinachokepo.

Titadutsa Benga tayala laphulika. Tatsika tonse, takhala pansi pa mtengo wa mango kupitirira ola, chifukwa jeke inali yobwereka kwa minibasi ina imene inali isanafike. Ena amadandaula, ine zandikomera, ndapeza mpata woyendayenda. Tamoxifen amawonjezera chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo, ndiye kukhala wopindika maola ambiri si kwabwino. M'galimoto ndimangogwedeza mapazi pansi ngati ndikupalasa makina osokera. Woyandikana naye amaona ngati ndikuvina nyimbo ya pa wailesi.

Kutentha kwa Okutobala kunyanja mumakudziwa. Onjezanipo kutentha kwa mankhwalawa, kumene kumayambira pachifuwa, kukwera kukhosi mpaka kumaso, thukuta n'kutsika ngati wina wakuthira ndowa. Kwandipeza kawiri tisanafike Khombedza. Kusamba kunasiya pa kemo yachitatu ndipo sikunabwerenso, ndiye thupi langa linalowa ukalamba tsiku limodzi, osagogoda.

Pa Kaphatenga tasintha galimoto. Ndikafika pamenepa ndimakumbukira kuti chapafupi, m'tauni ya Salima, muli Ndi Moyo, malo amene amasamalira odwala matenda osachiritsika, kuwapatsa morphine ndi chithandizo china choletsa ululu. Poyamba ndinkayang'ana kumbali dzinalo likatchulidwa, ngati kulimva n'kudziitanira. Koma ndinaonapo mayi wa m'mudzi mwathu amene khansa inamupeza mochedwa, mmene ankabuulira usiku asanayambe kulandira mankhwala otere, ndi mmene anagonera tulo atayamba. Chichokereni apo dzinalo sindiliopa.

Kenako chitunda. Msewu wa Salima umakwera mokhotakhota kudzera Mvera ndi Chezi, makutu n'kutseka, mphepo n'kuyamba kuzizirira. Pa Chezi ndagula tomato ndi nthochi kudzera pawindo. Nkhokwe za chimanga za ku Kanengo zitaonekera patali mtima unagunda, monga umachitira ulendo uliwonse. Anthu ena zikaoneka amati tafika m'tauni. Ine zimandiuza kuti mawa ndivula bulauzi.

Alamu andichingamira ndi wilibala ya mnyamata wa pa siteji, ati kathumba ka mpunga ndisakakhudze n'komwe. "Alamu, mwanenepatu!" Kunenepa kwina ndi kwa mankhwala, koma ndavomera.

Lachiwiri, 14 Okutobala, ku Central

Tanyamuka 5 koloko. Minibasi ya m'tauni, kudutsa Area 18, mitengo ya jakaranda itachita maluwa mbali zonse, kenako kabaza mpaka pachipata cha Kamuzu Central. Chipatala cha khansa chili mkati momwemo, nyumba zake zatsopano. Chaka chino cha 2025 chayamba kupereka radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi makina, chimene kale munthu ankachipeza pokhapokha atatuluka m'dziko, ku India, ku Zambia, ku Tanzania kapena ku Kenya, ngati dzina lake latuluka pa mndandanda kapena ngati abale ali ndi thumba lalitali. Pa benchi lero panali amayi angapo okhala ndi timizere ta inki pakhungu, tosonyeza pamene makina aziwotcha. Mmodzi wa ku Mzimba wati wakhala muno masabata anayi, akumuwotcha Lolemba mpaka Lachisanu, mphindi zochepa patsiku, maola ena onsewo akungokhala ndi gadiyani wake kuyang'ana dzuwa.

Benchi ya pa chipatala cha khansa ili ndi malamulo ake. Wobwera kumene umamudziwa, amagwira buku ndi manja awiri ndipo sayang'ana munthu. Wa kemo ali ndi duku lomanga mothina ndi zikhadabo zakuda, m'manja botolo la madzi ndi ndimu. Ife a rivyu ndiye ophunzira akale, timalankhula mokweza, timadziwa khomo lililonse. Koma onetsetsani mapazi athu, sakhazikika.

Pali amuna oonda a khansa ya kummero, amene ngakhale malovu akuwavuta kumeza. Pali anyamata a Kaposi, khansa yoonekera pakhungu, miyendo yotupa ndi mawanga akuda. Koma ambiri ndi amayi, ndipo mwa amayiwo ochuluka ndi a khomo la chiberekero, khansa imene ikutha amayi m'dziko muno kuposa ina iliyonse. Ndikawaona ndimakumbukira 2019, pamene katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansa imeneyi, anafika m'sukulu kwa atsikana a zaka 9, ana a msinkhu wa kalasi yanga. Makolo ena anabisa ana m'nyumba ati ndi wotseka mimba. Nthawi imeneyo ndinangolemba mayina a ojomba, osatsutsana ndi munthu. Pano ndikanawayendera khomo ndi khomo.

Ndiyeno ndamva kuseka kumene ndikukudziwa. Mnzanga wa ku Mchinji, amene tinkakhala mipando yoyandikana pa dilipi, iye kumanzere ine kumanja, mabere athu ochotsedwawo tinkati tikaphatikiza otsalawa tipanga mkazi mmodzi wathunthu. Foni yake inasiya kulowa mu Epulo. Ndinayimba mwezi wathunthu, kenako ndinasiya, ndinamulira mumtima, ndipo nambala yake sindinafufute chifukwa chala chinkakana. Lero uyu ali apa, wanenepa kuposa ine, wamanga mesh. Foni anamubera pa msika. Tagwirana pakati pa khonde, aliyense akutchinjiriza mbali yake ya chipsera, anthu akutidabwa.

Titakhala pansi ndi pamene wandiuza za wachitatu wathu, mtsikana wa ana awiri wa cha ku Dowa. Anamaliza kemo bwinobwino, anabwera rivyu imodzi, yachiwiri sanabwere. Ndalama ya thiransipoti inapita ku feteleza, ndipo ku mapemphero ena anamuuza kuti kupitiriza mapilitsi n'kukayikira Mulungu. Anabwera mu Ogasiti atamunyamula, khansa itagwira msana. Mnzangayo ananena zimenezi akuyang'ana pansi, kenako anatulutsa chinangwa chophika, tinadya.

Ine pemphero sindinalisiyepo tsiku limodzi. Koma wouza mayi wodwala kuti ataye mankhwala, ameneyo ndilibe naye mawu abwino. Ndipo za thiransipotizo ndi zimene anthu saziwerengera. Mankhwala m'chipatala cha boma salipiritsa, inde, koma mpando wa minibasi si wa boma. Ine wa pa malipiro a mwezi ndimachita kukongola ku banki m'khonde kuti ndifike kuno. Nanga wodalira ganyu?

Pa sikelo ndakwera makilo awiri. Poyeza BP ndapereka dzanja lamanzere nesi asanapemphe, waseka. "Amayi, inu ndiye mwakhoza mayeso." Magazi atenganso kumanzere komweko, ngakhale mitsempha yake inauma ndi kemo, imathawa singano ngati nyongolotsi. Apeza pa ulendo wachiwiri, pamsana pa dzanja.

Dokotala walero ndi mtsikana, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Mafunso ake ndi omwe aja: chifuwa chosatha? Mutu wosamva mankhwala? Kupweteka kwa mafupa, makamaka usiku? Kuonda? Magazi otuluka kumusi? Lomalizali amafunsa chifukwa tamoxifen nthawi zina amakhuthalitsa chiberekero m'kati, ndiye mayi woti anasiya kusamba akaona magazi asakhale nawo chete. Zonse ndayankha ayi. Kenako ndavula, ndagona, bere lansalu ndaliika pa mpando pamwamba pa bulauzi.

Wayamba ndi bere lamanzere, kulizungulira ndi zala zitatu, kukhwapa, pamwamba pa fupa la m'khosi. Ndiye wafika pa chipsera. Ndinali nditakonza kuti ndimuuze ndisanagone, koma lilime linauma. Zala zake zayenda, zadutsa, zabwerera, zaima.

"Aka munakaona liti, amayi?"

"Masabata atatu."

"Bwanji simunabwere nthawi yomweyo?"

Ndati tsiku langa linali lisanakwane. Wandiyang'ana, osakalipa, wati tsiku lolembedwa m'buku ndi la munthu amene sakumva kalikonse. Wamva chachilendo, tsiku lake ndi lomwelo. Ndimadziwa zimenezo. Ndimauza anzanga zimenezo. Koma kudziwa kwina, kukwera minibasi kwina.

Wayezanso mikono ndi tepi ya telala, pamwamba ndi pamunsi pa chigongono. Wakumanja wapambana wakumanzere ndi masentimita awiri. Walemba sikani ya chipsera ndi ya bere lotsalalo, ndi ekiselo ya pachifuwa. Ekiselo ajambula lero, sikani ndi zotsatira zonse ndi Lachinayi, chifukwa mawa ndi holide.

Lachitatu, 15 Okutobala, Tsiku la Amayi

Tsiku lalitali kuposa onse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero, koma wonena mwambiwo analibe kanjere pachifuwa.

M'mawa ndafuna kusinja nsinjiro, alamu andilanda munsi. Ndafuna kuchapa, andilanda beseni. Ndawauza kuti mkono umenewu sufuna ulesi, umafuna ntchito yopepuka koma ya tsiku ndi tsiku. Nditangochoka ku opaleshoni sindinkatha kupesa kapena kufikira mbale pa shelefu. A fizo anandiphunzitsa kuima moyang'ana khoma, zala n'kumakwera ngati buluzi, pang'onopang'ono, mpaka pamene chipsera chakoka. Nditabwerera ku ntchito khoma langa linasanduka bolodi. Mu Januwale ndinkalemba kuyambira pakati, deti akundilembera mwana wamtali wa kumbuyo. Mu Meyi ndinalemba deti ndekha pakona ya pamwamba, ana anaomba m'manja osauzidwa. Choko chokha chimandipulumukabe, chifukwa zala zadzanzizi sizimva kuti zagwira kapena ayi. Ana a kutsogolo anazolowera, amatola n'kundipatsira phunziro lili m'kati. Mabatani a bulauzi ndi singano ndiye nkhani ina.

Cha m'ma 10 kwabwera mnzawo wa alamu ndi chikwama cha mabotolo, ati ndi mankhwala achilengedwe ochokera kunja, amatsuka magazi ndi kupha mizu ya khansa. Botolo limodzi mtengo wake maulendo anga awiri a ku Lilongwe. Chiyambireni kudwala ndauzidwa za masamba, makungwa, mizu, madzi odalitsa, ngakhale soda. Onse amabwera ndi nkhani ya mayi wina wa kwinakwake amene madokotala anamulephera. Mayiyo sindinakumane naye pa benchi. Ndamuuza mlendoyo mwaulemu kuti chilichonse chomwa ndimayamba ndafunsa adokotala, chifukwa zina zimalimbana ndi tamoxifen m'chiwindi. Wanyamuka atakwinya nkhope. Alamu achita manyazi, ati amangofuna kuthandiza. Ndikudziwa. Chammwamba chothira m'ndiwo ndimadya, ndi ndiwo basi.

Masana wafika mwana wanga wamkazi kuchokera ku koleji, ndi chitenje cha Tsiku la Amayi ndi keke yaing'ono. Tadya mpunga wa kwathu ndi nkhuku. Kenako ndamukokera kuchipinda, ndatseka chitseko, ndavula. Chipsera anali asanachionepo, chaka ndi theka chonsechi ndinkamubisira. Chimayambira pakati pa chifuwa mpaka kukhwapa, chosalala, chotuwa pang'ono, pakhungu pozungulira sipamva kukhudza. Wayang'ana nthawi yaitali. "Amayi, chimapweteka?" Ndati chimayabwa kukamabwera mvula, ndipo nthawi zina ndimamva kuyabwa pa nsonga ya bere limene kulibe, ndimakanda m'malere. Waseka, kenako walira.

Ndagwira zala zake, ndaziika pa bere lamanzere, ndamuonetsa mmene amapimira: zala zitatu zogona, osati kutsina, kuzungulira mpaka kukhwapa, kamodzi pamwezi masiku ochepa akamaliza kusamba. Ine changa ndinachimva ndekha koma ndinakhala nacho miyezi isanu chifukwa sichinkapweteka. Chotupa chosapweteka nachonso chimatha kukhala choopsa, palibe anandiuzapo. Za kanjere sindinamuuze, koma zala zake zinadutsapo, ndipo ndi mwana wochenjera. Pochoka wati mawa sapita m'kalasi, andiperekeza.

Usiku ndayimbira abambo. Ati mbuzi yaswa awiri. Ati, "Nanga kumeneko?" Ndati zotsatira mawa. Akhala chete, kenako ati mayunitsi akutha.

Lachinayi, 16 Okutobala, ku Central

Mafuta a sikani ndi ozizira. Wojambula amayendetsa kachipangizo kake, maso pa kompyuta, nkhope yosawerengeka. Anthu amenewa ayenera kuti amaphunzitsidwa kusaphethira. Wakhalitsa pa kanjere paja, wayeza, wajambula, wapita ku bere lamanzere, wabwereranso. Ine ndimawerenga timabowo ta pa siling'i. Ndinafika 140.

Kwa dokotala talowa cha m'ma 11, mwana wanga atanyamula mabuku. Dokotala wawerenga mapepala onse kaye osatiyang'ana, ndipo mphindi imeneyo ndinaganiza za zinthu zopusa: kuti makiyi a kabati ya mabuku a kalasi ndabwera nawo, kuti ngongole ya banki m'khonde ndani adzabweza.

Wati kanjereko pa sikani kakuoneka ngati mnofu wa chipsera umene unaunjikana pozungulira ulusi wa opaleshoni, alibe maonekedwe a khansa. Bere lamanzere lili bwino, mapapo ali bwino, magazi a chiwindi ndi impso ali bwino. Koma wakalemba kukula kwake m'buku, mamilimita 6, ndipo wati kakakula, kakalimba kapena khungu likasintha mtundu, ndibwere sabata yomweyo adzadulepo kachidutswa kokayeza ku labu, monga anachitira ndi chotupa choyamba chija.

Mwana wanga wafunsa funso limene ine ndinasiya kufunsa. "Ndiye kuti amayi achira?"

Dokotala wati, "Lero sitikuona khansa paliponse." Mawu amenewa ndawamva kanayi tsopano, ndipo onse amanena mofanana, ngati anapangana. Liwu loti mwachira salitchula. Wamufotokozera kuti zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira ndi zimene khansa imakonda kubwerera, n'chifukwa chake maulendo ali pafupipafupi, kenako adzatalikitsa kukhala miyezi 6, kenako kamodzi pachaka. Khansa ya mtundu wangayi, imene imadya mahomoni achikazi, imatha kugona zaka zambiri n'kudzadzuka, ndiye tamoxifen ndi wa zaka 5, pilitsi limodzi la 20 mg tsiku lililonse, mwinanso adzawonjezera mpaka 10. Mwanayo nkhope inagwa pang'ono. Amafuna liwu limodzi loti akauze achimwene ake pa foni.

Poyamba inenso mawu amenewa ankandikwiyitsa. Ndinkati munthu wadulidwa, wathiridwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale kumunamiza kuti wachira simungathe? Pano ndimawakonda kuposa a mayi wa kutchalitchi uja. Wondiuza kuti ndachira akundiuzanso, osadziwa, kuti ndisiye kubwera.

Za mkono anditumiza kwa a fizo. Andionetsa kusisita mopepuka kuchokera ku zala kupita kuphewa, osati kukanya ngati mtanda wa mandasi, kugoneka mkono pa pilo usiku, kudzola mafuta kuti khungu lisang'ambike, kuvala magolovesi pokonza nsomba ndi polima. Ati ndipeze sokosi ya mkono yothina, yoyezera, ndizivala masana. Tazungulira mafamase atatu m'tauni, tapeza ya mwendo yokhayokha. Wachinayi ati abweretsa mwezi wamawa. Mwana wanga watenga nambala. Ndowa ya pamutu ati ndichepetse, ndipo ndikamanyamula ndizikweza ndi dzanja lamanzere wina akundithandiza. Ndaseka, chifukwa pa mjigo wa kwathu ukadikira wokusenza uphika usiku.

Ku famase ya chipatala ndalandira mapilitsi a miyezi itatu. Ndawawerenga pomwepo, pa benchi, monga ndimawerengera ana pobwera ku masewera. Mnzanga wa ku Mchinji naye zake zatuluka bwino. Wandilembera nambala yatsopano kuchikuto cha buku la kuchipatala, ati limenelo wakuba saba.

Tikutuluka pachipata ndinamva njala yoopsa, ya masabata atatu. Tagula chipisi cha pa chiwaya, ndathira tsabola wambiri, ndadya chiimire ngati mwana wa sukulu.

Lachisanu, 17 Okutobala, kubwerera

Ulendo wobwerera ulibe nkhani, ndagona kuyambira Chankhungu mpaka kutentha kwa Salima kutandidzutsa. Mpando wa kuwindo ndaupeza osakangana. Pa Chia ndagula chambo chachikulu chimodzi, anyamata achimangirira pa galasi la kutsogolo kuti chizipitidwa mphepo.

Abambo anali pa siteji ndi njinga, ati akhalapo kuyambira 12 koloko. Tili m'njira, ine pa kaliyala, nsomba ikulendewera pa handulo, ndawauza za kanjere. Sanayankhe. Apalasa mpaka pa mtengo wa mkuyu, aima, atsika. "Ine ndinakamva kalekale," atero. "Ndimadikira kuti munene ndinu." Akweranso, tapitirira.

M'buku alemba 13 Januwale. Nthawi imeneyo mvula ili pakati, mitsinje ya msewu wa kunyanja imadzaza mpaka kudula milatho zaka zina, fizi ya teremu yachiwiri, feteleza wobereketsa, zonse mwezi umodzi. Abambo ati ana a mbuzi aja mmodzi asamutchule dzina, ndi wa thiransipoti. Lolemba ndili ndi masamu piriyodi yoyamba, ndipo makiyi a kabati ali m'chikwama muno, kutanthauza kuti ana anga atha sabata yathunthu opanda mabuku.